Mantha Otsala pa Kanema ndi Mantha Otuluka Pakhomo

Ku Zomba, chakumunsi kwa phiri, kumakhala mayi wina wamasiye amene anaphunzitsa m'sukulu za pulayimale kwa zaka zoposa 30. Anthu a m'dera lawo amawatchabe Aphunzitsi ngakhale kuti choko anachitula kalekale. Mayiwa amakonda mafilimu a mitundu iwiri imene anzawo a msinkhu wawo saiwerengera. Mtundu woyamba ndi makatuni, amene ambiri amati ndi zidole zotonthozera ana. Wachiwiri ndi mafilimu oopsa, amene amayi anzawo a Mvano amati ndi khomo lolowera ziwanda m'nyumba. Aphunzitsi sanalembepo m'nyuzipepala, ndipo maganizo awo amathera m'chipinda chochezera, pamaso pa zidzukulu zitatu zimene akulera ndi alendo obwera Lamlungu masana. Komabe ndi maganizo a munthu amene waonera mosamala kwa zaka zoposa 25, ndipo chifukwa choonera mosamala ali nacho. Iwo ndi wachikulire wopanda mwamuna pakhomo, m'dziko limene amayi otere amalozedwa chala mwana wa mnansi akadwala.

Kanema anawapeza atakula kale. M'maiko ena a m'chigawo chino wailesi ya kanema inafika msanga: ku Southern Rhodesia mu 1960, ku Northern Rhodesia mu 1961, ndipo ku South Africa, kumene boma la tsankho linaikana kwa nthawi yaitali, mu 1976. Ku Malawi ulamuliro wa Kamuzu Banda unatha mu 1994 dziko lilibe wailesi ya kanema yakeyake, ndipo mafilimu olowa m'dziko ankayamba aunikidwa ndi bungwe la boma pansi pa lamulo la 1968. Television Malawi inayamba kuulutsa mu Epulo 1999. Nthawi imeneyo Aphunzitsi anali ndi zaka pafupifupi 50, ndipo iwo ndi malemu amuna awo anagula kanema ndi deki ya makaseti. Motero mayiwa sanakule ndi zithunzi zoyenda. Anakula ndi nthano za pamoto, ndipo muyezo umene amayezera filimu iliyonse anautenga kumeneko.

Nthano ya pamoto, monga amaikumbukira, inali ndi mpanda. Inkanenedwa usiku ntchito zitatha, inali ndi mawu otsegulira amene omvera ankavomera, ndiponso mawu otsekera. M'kati mwa mpandawo munkachitika zoopsa zenizeni: chimphona chomeza mudzi wathunthu, fisi wosanduka mnyamata wooneka bwino kudzafunsira mbeta, ana otayidwa m'nkhalango. Ana ankachita tsemwe n'kusendera kufupi ndi agogo awo. Aphunzitsi amakonda kukumbutsa alendo awo kuti munthu amene ankaopseza anawo ndi yemweyo amene anawo ankathawirako. Nthano ikatha chilombo chinkatsala m'nthano, ndipo m'mawa mwake panalibe mwana amene ankapita kuchitsime akuyembekeza kukumana nacho. Amakumbutsanso kuti mneni woti kuopa ali ndi nkhope ziwiri m'Chichewa. Munthu amaopa njoka, komanso amaopa Mulungu ndi apongozi ake. Nthano yabwino inkayamba ndi kuopa kwa njoka n'kumaliza ndi kuopa kwaulemu: mwana ankaphunzira kuopa mtsinje wodzaza, kuopa lonjezo, kuopa mawu a akulu.

Makatuni oyamba amene anawaona anali a Tom and Jerry, amene William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba kujambula mu 1940. Sipanafunike womasulira. Mwa mbewa ndi mphaka uja anazindikiramo Kalulu ndi Fisi, wamng'ono wochenjera ndi wamkulu wadyera amene misampha yake imamugwira yekha. Monga munthu amene anaphunzitsa malamulo a Chichewa kwa ana a sitandade 5, amati katuni ndi mvekero wojambulidwa. Pamene wonena nthano amati mwala unagwa phi, kapena kuti Kalulu anati liwiro fuu, wojambula amaonetsa phi ndi fuu yemweyo ndi mizere. Mphaka amawombedwa ndi chitseko n'kukhala thyathyathya ngati mkeka, kenaka n'kudzuka bwinobwino. Makolo ena amadandaula kuti zimenezi zimaphunzitsa ana nkhanza, koma Aphunzitsi sagwirizana nawo. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti mphaka wa pakhomo akawombedwa ndi chitseko sadzuka akuseka. Mzere wa wojambula umagwira ntchito imene mawu otsegulira nthano ankagwira, yodziwitsa mwana kuti walowa m'mpanda.

Chifukwa cha mpanda umenewu katuni imatha kunyamula zolemera. Zidzukulu ziwiri mwa zitatu zija mayi wawo anamwalira zili zazing'ono, ndipo achibale, potsata chizolowezi, ankangoziuza kuti amayi anapita kutali. Tsiku lina ankaonera Bambi, filimu ya Disney ya 1942, imene mwana wa gwape amathawa ndi mayi ake m'chipale, mfuti n'kulira, iye n'kufika yekha kobisala. Wamng'ono mwa anawo anatembenuka. "Agogo, amayi ake atsala kuti?" Aphunzitsi anayankha kuti, "Amwalira, mwanawe, monga anamwalirira amayi ako." Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa amveke m'nyumbamo pamaso pa mwanayo, ndipo analira onse. Chimene amayamikira kwambiri m'filimuyi n'chakuti mlenje saonetsedwa nkhope mpaka pamapeto. Mwana amatsala ndi chisoni popanda munthu woti amude. Iwo anakhalapo pamaliro ambiri amene funso loti wachita zimenezi ndani linayamba kunong'onedwa thupi lisanatsikire m'manda, choncho amadziwa mtengo wake wa imfa yosaloza munthu.

Sikuti katuni iliyonse amaipatsa ulemu. The Lion King ya 1994 amaikonda nyimbo zake, makamaka mawu a Chizulu a Lebo M otsegulira filimuyo, koma afisi ake sawakonda. Fisi wa m'nthano ndi wopusa ndiponso wosusuka, komabe ndi wa m'mudzi momwemo, bwenzi la Kalulu limene limapita naye limodzi kuchibwenzi. Afisi a Disney ndi mtundu wopirikitsidwa, wokhala kumanda a njovu, woipa chifukwa chongobadwa fisi. Chimene chimawapweteka koposa chili mu Snow White and the Seven Dwarfs ya 1937. M'menemo mfumukazi yokongola, pofuna kukapha mtsikana, imamwa mankhwala n'kusanduka mayi wokalamba wopindika msana, wa mphuno yaitali ndi mawu osasa. Aphunzitsi amati mfumukaziyo inakonza chiwembu ili yokongola, koma pokachichita inabwereka nkhope yawo. Zidzukulu zinaseka pamene ananena zimenezi koyamba, ndipo iwo sanaseke nawo.

Mafilimu oopsa amaonera ana aang'ono atagona, kawirikawiri ndi mdzukulu wawo wamkulu, wophunzira pa yunivesite, amene amawabweretsa pa kompyuta yake ya m'manja. Amavomera poyera kuti amasangalala nawo. Kadzidzi akalira padenga amachita nthumanzi ngati wina aliyense, ndipo mantha oyambitsidwa ndi batani n'kuthetsedwa ndi batani amawapumitsa ku mantha opanda batani. The Exorcist, imene William Friedkin anatsogolera mu 1973, anaionera kawiri. Ndi nkhani ya Regan, mtsikana wa zaka 12 wa ku Washington amene wagwidwa ndi chiwanda. Zolaula ndi zonyansa zake sanazikonde, koma anaona chinthu chimene mdzukulu wawo sanachione. Filimuyi imasiyanitsa mwana ndi chimene chili mwa mwanayo. Mayi ake amayamba kumutengera kwa madokotala, akalephera amapita kwa ansembe, ndipo samupirikitsa pakhomo. Pamapeto ansembe awiri amafa, mmodzi ataitanira chiwandacho mwa iye mwini, ndipo mtsikanayo amatsala wamoyo. Akuluakulu ndiwo amalipira kuti mwana apulumuke.

Night of the Living Dead, ya George Romero, yojambulidwa mu 1968 yopanda mitundu, anaiyamba ndi mtsutso wa mawu. Mdzukulu wawo anati akufa oyendawo ndi ndondocha, iwo anakana. Ndondocha, malinga ndi zimene anthu amakhulupirira, ndi munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azigwirira ntchito mwini chuma. Zikufanana ndi zombie wa m'zikhulupiriro za ku Haiti, amene filimu ya White Zombie ya 1932 inamuonetsa akuzunguza makina ofinyira nzimbe. Ndondocha imamvetsa chisoni, ndipo woopedwa ndi mwini wake. Akufa a Romero alibe mwini, ndipo filimuyo siwatcha n'komwe zombie. Chimene chinawakhalitsa chete ndi mathero ake. Ben, munthu wakuda yekhayo pakati pa obisala m'nyumba ya pamunda ku Pennsylvania, amapulumuka usiku wonse. M'mawa gulu la amuna a mfuti osaka akufa oyenda limamuona pawindo, limamuwombera pamutu osafunsa, n'kuponya thupi lake pamoto. Aphunzitsi anakumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo n'kufalikira mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 8 n'kuphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Anati Romero anadziwa kuti osaka zilombo akapanda kupeza chilombo sabwerera chimanjamanja.

Nkhani ya mafilimu a ku Nigeria ndi imene imawavuta kwambiri, chifukwa amawakonda. Pamene makaseti ndi ma CD ake anadzaza misika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kanali koyamba kuona pa kanema apongozi okangana ndi mkamwini, malowolo, maliro, mapemphero a usiku ndi mbale za nsima ya chinangwa. Anthu ake anali ofanana ndi a pamsewu wa kwawo. Living in Bondage ya 1992, yolankhulidwa m'Chiigbo, imene ambiri amati ndiyo inayambitsa malonda a mafilimu a pa vidiyo ku Nigeria, amaiika pakati pa mafilimu oopsa abwino. Andy, mwamuna wolakalaka chuma, amapereka mkazi wake Merit nsembe kwa gulu la okhwima, amalemera, koma mzukwa wa mkaziyo umamulondola mpaka amachita misala. Woipa m'menemo ndi mwamuna wamphamvu zake, wovala suti, wokwera galimoto, ndipo chomuzunza ndi mlandu wake womwe. Woonera amatuluka akudzifunsa za dyera lake.

End of the Wicked ya 1999, yopangidwa ndi mlaliki Helen Ukpabio ndi kutsogoleredwa ndi Teco Benson, anaionera kamodzi n'kuitulutsa m'nyumba. M'menemo mizimu ya ana imatengedwa usiku kupita kumsonkhano wa mfiti, kumene anawo amadyetsedwa n'kutumidwa kukazunza makolo awo, ndipo amene akuwononga banja la mwamuna wa m'nkhaniyo ndi mayi ake omubereka. Mu 2008 wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain inaonetsa ana a m'chigawo cha Akwa Ibom amene anamenyedwa ndi kupirikitsidwa m'makomo powanena kuti ndi mfiti. Oteteza ufulu wa ana anadzudzula filimuyi pamodzi ndi maulaliki a mtundu umenewo, ndipo Ukpabio anakana kuti mlanduwo ndi wake. Aphunzitsi sanadikire mkangano umenewo kuti aweruze. Filimuyi inali ndi ana enieni ovala zogonera, mayi wachikulire weniweni, nyumba yonga ya mnansi aliyense. Mafilimu ambiri otere amatsekera ndi mawu otamanda Mulungu, ngati umboni wa kutchalitchi, kotero kuti woonera amauzidwa kuti zimene waona n'zochitika. Mpanda uja palibe.

Kumasulira kwawonjezera mphamvu ya mafilimu otere. M'misika ya m'matauni muli anyamata amene amatenga mafilimu akunja n'kuikamo mawu awo a Chichewa, ndipo ana amawaonera m'tinyumba ta vidiyo kapena pa foni. Aphunzitsi amayamikira luso lawo, popeza ena ali ndi Chichewa chamoyo kuposa cha m'mabuku a sukulu. Koma amadziwa chimene chimachitika liwu likawoloka. Witch wa m'mafilimu a azungu ndi mayi wa chipewa chosongoka wokwera tsache, amene ana a ku America amavala zovala zake kumapeto kwa Okotobala n'kumapempha maswiti. Womasulira akamutcha mfiti, amamusenzetsa zonse zimene liwulo limanyamula kuno: kufukula manda, kudya mitembo, kuuluka m'lichero, kuphunzitsa ana a eni. Chosewera nacho cha kutsidya kwa nyanja chimafika m'khutu la mwana wa ku Zomba chili mlandu woti munthu angafere.

Mmene mlanduwo umayandikira munthu, Aphunzitsi anaumva m'malankhulidwe a ana. Chaka china mnyamata wa pakhomo loyandikana nalo anadwala malungo aakulu n'kumabwebweta usiku. Ana amene ankabwera kudzatola mango pabwalo lawo anasiya kubwera. Ali kuseri kwa mpanda ankamva mmene ankawatchulira. Poyamba anali agogo aja. Patapita masiku anasanduka nkhalamba ija. Kenaka anamva kamnyamata kena kakuuza anzake kuti chinkhalamba chija chatuluka, ndipo onse anathawa. Monga mphunzitsi wa chinenero anatha kulondola njira yonse: mphatikiri wa ulemu a- anagwa, dzina linalowa m'gulu limene muli mbuzi ndi nkhuku, pomaliza linalandira chi- wa chinthu ndi chilombo. Amanena mwachilungamo kuti gulu la mayina palokha silinyoza, popeza mfumu nayo ili m'gulu limodzi ndi nkhalamba ndi mfiti. Chimene chinawaopsa ndi kutsika kwa masitepe atatuwo m'sabata imodzi. Mnyamatayo anachira atalandira mankhwala kuchipatala, ndipo mango atapsanso ana anabwerera n'kumawatcha agogo. Iwo amadziwa kuti akadapanda kuchira, sitepe yachinayi inali pafupi.

Mantha amenewa si ongoganizira. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba a banja limodzi anaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la ufiti la 1911 linakhazikitsa kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo limafika pamudzi mochedwa kuposa miyala. Mwana wawo wamwamuna, mkulu wa mpingo, amawatsutsa pamenepa, ndipo mfundo zake n'zomveka. Amati kanema sanabweretse ufiti. Mwavi unkamwedwa kanema asanalotedwe, ndipo m'zaka za m'ma 1930 a mchape anayenda kuchokera ku Nyasaland mpaka ku Northern Rhodesia akusesa mfiti m'midzi popanda filimu ndi imodzi yomwe. "Amayi, filimu ndi galasi chabe. Mukaliswa, nkhope siisintha." Aphunzitsi amavomera mbiri yonseyo. Chimene amakana ndi fanizo la galasi. Kale umboni wa ufiti unali maloto, ula wa sing'anga ndi manong'onong'o, ndipo panalibe amene anganene kuti anaona msonkhano wa mfiti ndi maso ake dzuwa likuswa mtengo. Lero mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa mmene msonkhanowo umaonekera, amene amakhala pampando, ndi chimene chimadyedwa. Akafunsidwa ndi akulu amene akufuna kale yankho, amakhala ndi zithunzi zokwanira kufotokoza mwatsatanetsatane, ndipo tsatanetsataneyo ndiye amene akuluwo amamutcha umboni.

Ngakhale zili choncho safuna kuti boma liletse mafilimu. Anakhala zaka 30 m'dziko limene anthu ochepa ankasankhira onse buku lowerenga ndi nyimbo yomvera, ndipo sakhumba kubwerera kumeneko. Lamulo lawo ndi la m'nyumba, ndipo ndi lalifupi. Mwana saonera choopsa yekha. Filimu ikatha amafunsa mafunso awiri: "Mwaopa yani? Nanga mawa mukakumana naye kuti?" Yankho likakhala lakuti sangakumane naye kwina kulikonse chifukwa ndi wa pa kanema, filimuyo yakhoza, ngakhale itakhala ndi mano ndi magazi. Likakhala lakuti angakumane naye kuchigayo, pachitsime kapena pakhonde la nyumba yachitatu kuchokera pamsewu, filimuyo siibwereranso. Muyezo umenewu susamala kuti filimu yachokera ku Lagos kapena ku California, kuti ndi yojambula kapena ya anthu enieni. Umangofunsa kumene manthawo akagone usikuwo.

Pa mafilimu onse amene anaonera, imene amaiika pamwamba ndi Kirikou et la Sorcière ya 1998, ya Michel Ocelot, Mfalansa amene anakulira ku Guinea, yokhala ndi nyimbo za Youssou N'Dour. Kirikou ndi kamwana kolankhula kadakali m'mimba, kobadwira m'mudzi umene Karaba, mkazi wamatsenga, anaumitsira kasupe, ndipo anthu amati anadya amuna onse. Pamene akulu akungonjenjemera, kamwanako kamafunsa aliyense chifukwa chimene Karaba aliri woipa. Agogo ake aamuna, okhala m'phiri, ndiwo amayankha: amuna ena anamugwira n'kumukhomera munga wapoizoni pamsana, pamene dzanja lake silifika, ndipo amamva ululu usana ndi usiku. Kirikou amazula mungawo ndi mano, ndipo matsenga amatha. Aphunzitsi amaimitsa filimuyi pamene anthu a m'mudzi, ataona Karaba atachira, akufunabe kumupha, mpaka amuna aja atatulukira amoyo, popeza sanadyedwe. Amauza zidzukulu kuti ziyang'anitsitse nkhope za khamulo. Filimuyi ili ndi mkazi wamatsenga, ili ndi zoopsa, komabe mwana amatulukamo ataphunzira kufunsa chimene chikumupweteka munthu amene mudzi wonse ukumuopa.

Pafupi nayo amaika Spirited Away ya Hayao Miyazaki, ya 2001, imene inalandira mphotho ya Oscar mu 2003. Chihiro, mtsikana wa zaka 10, amaona makolo ake akusanduka nkhumba, ndipo Yubaba, mayi wokalamba woyendetsa nyumba yosambiramo mizimu, amamulanda dzina n'kumusiyira kachidutswa koti Sen. Chimene chimawakomera n'chakuti Yubaba ali ndi mapasa mnzake, Zeniba, wa nkhope yomweyo ndi makwinya omwewo, amene amalandira mtsikanayo ndi tiyi n'kumupatsa chomangira tsitsi cholukidwa ndi anzake. Nkhope siingamuthandize mwanayo kusiyanitsa awiriwa, ayenera kuona zochita zawo. Anakondweranso mu 2023 pamene Netflix inatulutsa Supa Team 4, makatuni a Malenga Mulendema wa ku Zambia, onena za atsikana anayi a mu Lusaka wa m'tsogolo. Amadandaula kuti atsikanawo amalankhula kwambiri Chingerezi, koma amawakhululukira chifukwa cha Mama K, mayi wachikulire amene anali kazitape wa boma, yemwe amasonkhanitsa atsikanawo ndi kuwatsogolera. Mayi wokalamba wokhala ndi chinsinsi pakhomo pake, chinsinsicho n'kukhala chopulumutsa mzinda, sanamuonepo kawirikawiri pa kanema.

Kwa akuluakulu amayamikira His House ya Remi Weekes, ya 2020. Bol ndi Rial, othawa nkhondo ku South Sudan, apatsidwa nyumba yakutha ku England, ndipo usiku m'makoma mumatuluka mawu ndi nkhope za anthu omira m'nyanja. Rial amati chawatsata ndi apeth, mfiti ya usiku ya m'zikhulupiriro za Adinka, yodzatenga ngongole. Pang'ono ndi pang'ono zimadziwika kuti mtsikana amene akumulira sanali mwana wawo. Bol anamukwatula m'khamu kuti apeze malo m'basi yothawira, mayi wake weniweni n'kutsala akukuwa, ndipo mtsikanayo anadzamira panyanja. Aliyense wodziwa za ngozi ya Ashona, mzimu wa wophedwa umene umavutitsa banja la wakupha mpaka litalipira, sangavutike kumvetsa nkhaniyi. Aphunzitsi amati m'filimuyi liwu loti mfiti lilimo, koma palibe mnansi amene akulozedwa. Choopsa chimatulukira m'khoma la nyumba ya mwini mlandu, ndipo sichichoka iye asanavomere chimene anachita.

Mdzukulu wawo wamkulu amaphunzira kujambula pa kompyuta, ndipo tsiku lina anawafunsa nthano imene angakonde kuiona itasanduka katuni. Ankayembekeza kuti atchula Kalulu. Iwo anatchula Kamdothi. Mayi wosabereka amaumba mwana ndi dothi, mwanayo amakhala wamoyo, ndipo mayiyo amamuchenjeza kuti mvula isadzamupeze panja. Mwanayo amakula, amakonda anzake, amasewera motalikira tsiku ndi tsiku, ndipo mitambo ikayamba kuda mayi amaima pakhomo akumuitana. Tsiku lina mtunda umatalika kuposa liwiro lake. Aphunzitsi amati sanaonepo filimu yoopsa kuposa nthano imeneyi, ndipo afotokozera mnyamatayo mmene angaijambulire: dontho loyamba paphewa, zala zikuyamba kufewa, phazi likutsala m'matope pamene nyumba ikuonekera patali. Ana a sukulu amene ankawauza nthanoyi ankalira, ena ankakwiya, ndipo nthawi zonse pankapezeka mmodzi wofunsa kuti wolakwa ndani. Iwo ankawasiya akangane mpaka belu litalira. Ena ankati ndi mwana wosamvera, ena mayi amene anaumba mwana wosalimba, ena anzake amene anamukokera kutali. Mvula panalibe woimba mlandu, chifukwa mwana aliyense m'kalasimo ankadziwa kuti ndi yomweyo imene makolo ake ankaiyembekezera kuti adzale chimanga.